Mbatata Yapserera Kodi? Za Mathero a Naruto

(Nyimbo yotsegulira. Itsike pang'onopang'ono.)

MUULUTSI:

Moni kwa inu a ku Mponela ndi ku Madisi m'mbali mwa msewu wa M1, a ku Mvera, a kwa Malomo, a pa Boma la Dowa ndi pa Boma la Ntchisi, osaiwala inu a kuseri kwa mapiri, kumene foni imagwira pokhapokha mwakwera pachulu. Yakwananso nthawi ya pulogalamu yathu yokamba za nkhani ndi kalukidwe kake.

Lero tikamba za katuni. Ndikudziwa kuti akuluakulu ena dzanja lafika kale pa wailesi kuti musinthe siteshoni. Tadikirani pang'ono, bambo. Mayi, musachoke. Katuni imeneyi ana anu akuidziwa kuposa mmene akudziwira mfunda wa agogo awo, ndipo muli mlandu m'menemo woti ungakome kuuzenga pabwalo la mfumu. Dzina lake ndi Naruto. Ndichenjezeretu kuti ndiulula mmene nkhaniyi idathera. Amene simunamalize kuonera, tsitsani wailesi, mukathandize kutsekera mbuzi.

Amene adandikokera m'zimenezi ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Fomu 3. Pa holide ina adabwera kwathu ndi memole khadi yodzaza, atakalowetsa kwa anyamata obena nyimbo ndi mafilimu pamsika. Masana foni ili pa sola, usiku iye ali nayo m'bulangete. Tsiku lina m'mawa adatuluka ali ndwii, ngati wabedwa njinga.

Ndidati, "Iwe, wadwala?"

"Ayi, atsibweni. Atinamiza."

"Ndani?"

"Wolemba Naruto. Kumutsatira mtunda wonsewu, mapeto ake kutibweretsera mzimayi wa kumwezi."

Ndidaseka, koma mawu ajawa sadandichoke. Munthu sanena kuti wanamizidwa pa nkhani imene sakuikonda. Ndidabwereka khadi lija n'kuyamba kuonera ndekha, pang'onopang'ono. Zidanditengera nyengo yonse ya fodya, kuyambira pa nazale mpaka mabelo atapita ku Kanengo, chikhalirecho magawo ena ndinkangodumpha.

Tiyambe ndi kumene idachokera. Ku Japan nkhani zojambula m'mabuku amazitcha manga, ndipo makatuni a pa kanema amawatcha anime. Amene adalemba ndi kujambula Naruto ndi Masashi Kishimoto, wobadwa mu 1974. Adayamba kuitulutsa mu 1999 m'magazini ya sabata ndi sabata yotchedwa Weekly Shonen Jump, n'kuimaliza mu Novembala 2014 itafika mitu 700, yomwe idasonkhanitsidwa m'mabuku 72. Mabukuwo asindikizidwa okwana 250 miliyoni padziko lonse. Katuni yake, yopangidwa ndi kampani ya Pierrot, idayamba kuonetsedwa pa TV Tokyo mu Okutobala 2002. Mbali yoyamba ili ndi magawo 220. Yachiwiri, yotchedwa Naruto Shippuden, idayamba mu 2007 n'kutha pa 23 Malichi 2017 ndi gawo la 500. Onse pamodzi ndi 720, lililonse la mphindi pafupifupi 23. Mukawerengetsera, amenewo ndi masiku 11 ndi theka osagona, osadzuka kukakodza. Mwana wobadwa chaka chimene katuniyi inkayamba, inkatha iye ali pakhomo la sekondale.

Nkhani yake ndi iyi. Naruto Uzumaki ndi mwana wamasiye wa m'mudzi wa Konoha, mudzi wa ankhondo otchedwa ninja. Tsiku limene adabadwa, chilombo, nkhandwe ya michira 9, chidaukira mudzi n'kupha anthu ambiri. Mtsogoleri wa mudzi adachitsekera m'mimba mwa khandalo, iye n'kufa. Mwana adakula akusalidwa. Makolo ankakoka ana awo akamuona, monga timachitira ndi mwana amene mudzi wamunong'onezera kuti amatamba. Iye adalumbira kuti adzakhala Hokage, mfumu ya mudziwo, kuti anthu adzamuwerengere. Mnzake wa m'kalasi, Sasuke Uchiha, nayenso ndi wamasiye: mkulu wake, Itachi, adapha mtundu wonse usiku umodzi n'kusiya iye yekha. Sasuke adathawa m'mudzi kukasaka mphamvu zobwezera, Naruto n'kulonjeza kuti adzamubweza. Thunthu la nkhani ndi limeneli, zina zonsezo ndi nthambi.

Kwathu kuno nthano ili ndi khomo lolowera ndi lotulukira. Agogo akati "Padangokhala," ife "Tili tonse." Akafika kumapeto amatituma kukaphula mbatata pamoto, ife n'kuyankha kuti yapserera. Ine ndimamva ngati tikuwayamikira: nthano yakoma moti za mbatata tidaiwala. Komanso muli kachenjezo. Nthano ikatalikitsa, mbatata imapserera zenizeni, ana n'kugona ndi njala ndiponso mkwiyo. Tsono taganizani za nthano ya zaka 15.

Inu ophunzira amene mumalemba nkhani zazifupi ndi zisudzo m'kalasi ya Chichewa, gwirani ichi. Nkhani iliyonse ikamayamba imakongola. Wolemba akationetsa mwana wolira, watenga ngongole, ndipo adzatiuze chimene chidzapukute misoziyo. Akatchula mdani, watenganso ina. Mathero ndi ngati tsiku logawana ku banki mkhonde. Chaka chonse mwakhala mukuponya ndi kukongozana mwamtendere, koma tsiku limenelo buku limatsegulidwa, ndipo limaonetsa wabweza ndani, wazemba ndani. Kishimoto adakongola zambiri. Zina adabweza ndi chiwongoladzanja chomwe. Zina adazemba masanasana.

(Nyimbo yaifupi.)

Tiyambe ndi chofooka chimene si cha Kishimoto kwenikweni, koma cha opanga katuni. Iye ankatulutsa mutu umodzi pa sabata, pamene gawo limodzi la pa kanema limadya mitu iwiri kapena kuposerapo. Katuni ikayandikira kupitirira buku, opanga ankapeka nkhani zawozawo zongodzazira nthawi. Okonda katuniyi adawerenga n'kupeza kuti pa magawo asanu alionse, pafupifupi awiri ndi odzazira. N'chimodzimodzi kuthira madzi m'ndiwo kuti zikwanire alendo. Kamodzi timamvetsa. Koma nkhondo yaikulu yomaliza, imene m'nkhanimo sidakwane n'sabata yomwe, idayamba kuonetsedwa mu 2012 n'kudzatha mu 2016. Ndipo buku litatha kale mu 2014, chifukwa chothira madzi palibenso, iwo adapitiriza kuthira. Mdani wakweza dzanja kuti akanthe, ife mtima uli m'mwamba, gawo lotsatira akutibwezera ku ubwana wa wina kapena m'maloto a uje. Ife oonera pa memole khadi tili ndi mwayi wodumpha. Amene ankadikira Lachinayi lililonse ku Japan analibe.

Tsopano mzimayi wa kumwezi uja.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi idatikonzera mdani mmodzi, Madara Uchiha, mmodzi mwa awiri amene adakhazikitsa mudzi wa Konoha. Dzina lake tinkalimva asanaoneke. Chiboliboli chake chachikulu chidaima pamathithi a m'chigwa chimene Naruto ndi Sasuke adamenyeranapo ali ana. Ataoneka, m'gawo la 322 la Shippuden, adalowa yekha pakati pa gulu lonse la nkhondo n'kulisesa, kenako n'kugwetsa mwala waukulu kuchokera kumwamba. Ndipo Madara adali ndi mfundo yake, yoipa koma yomveka. Ankati anthu sangaleke kuphana, choncho ndi bwino onse agonekedwe tulo tosatha, aliyense azilota moyo umene ankaufuna. Munthu amene adaikapo mwana m'manda angamvetse chifukwa chake maloto oterewa angakope. Mdani wotere umafuna umuone atagonja pa nkhonya ndi pa mfundo pomwe.

Sizidatero. Patatsala magawo pafupifupi 40 kuti katuni ithe, kapolo wake, Black Zetsu, adamubaya kumbuyo, thupi lake n'kufufuma, m'menemo n'kutuluka Kaguya Otsutsuki, mayi wakalekale amene dzina lake tidangolimva mochedwa. Salankhula zambiri. Sitidamuonepo akulakwira aliyense amene timamudziwa. Kenako tikuuzidwa kuti udani wonse wa mibadwo ndi mibadwo adaukonza mobisa ndi Zetsu kuti mayi akewa adzadzuke, mpaka adasintha mawu olembedwa pamwala wa mtundu wa Uchiha kuti awasocheretse.

Tayerekezani mlandu wa malire a munda pabwalo kwa gulupu. Mabanja awiri akhala akukangana kuyambira nthawi ya agogo awo. Mboni zalankhula masiku atatu, nduna zayendera malire, anthu adzaza pansi pa kachere kudikira chigamulo. Tsiku lomaliza munthu wosadziwika n'kuimirira kunena kuti onsewa alibe mlandu, amene adasuntha chizindikiro cha malire ndi mzimu wa kutsidya kwa nyanja. Mungabwerere kunyumba mutakhuta? Chizolowezi chimenechi tili nacho ifenso. Zinthu zikavuta pabanja timathamangira kuti zachita kutumizidwa, chifukwa wotumizayo ali kutali ndipo safuna kuti tikhale pansi tiyang'anane m'maso.

Kunena chilungamo, Kaguya sadachite kugwa kumwamba kwa owerenga a ku Japan. Dzinali ndi la m'nthano yawo yakalekale ya kamtsikana kopezeka m'kati mwa nsungwi, kamene kwawo kudali kumwezi. Kishimoto ankatapa m'nkhokwe ya kwawo kuyambira pachiyambi: nkhandwe ya michira yambiri, ndiponso Jiraiya, Tsunade ndi Orochimaru ndi chule, nkhono ndi njoka zawo, zonsezi n'zochokera m'nthano. Pamenepo pokha ndimamuchitira kaduka, chifukwa ife Kalulu ndi Fisi tidawasiya ku Sitandade 3. Koma kutapa m'nthano n'kwina, kubweretsa mlendo tsiku la chigamulo n'kwinanso. Amene adapindula ndi Kaguya ndi nkhani yotsatira, Boruto, imene idayamba pa kanema mu Epulo 2017, patangopita milungu iwiri chithere Shippuden, ndipo adani ake ndi abale a mayi yemweyu.

Ngongole yachiwiri ndi imene idapweteka kwambiri mwana wa mlongo wanga, ngakhale sadaitchule poyamba. Chifukwa chiyani ana a kuno adamukonda Naruto? Si tsitsi lachikasu. Ndi chifukwa adalephera mayeso omaliza sukulu katatu. Mwana woyenda makilomita angapo m'zitunda za Ntchisi kupita ku sekondale yoyendera, amene anzake adasankhidwa kupita kogonera konko iye n'kutsala, amamudziwa bwino mnyamata ameneyu. Kumayambiriro kuli ndewu yotchuka pakati pa Naruto ndi Neji Hyuga. Neji adabadwira kunthambi yaing'ono ya banja lake, ndipo adamudinda chizindikiro pamphumi chosonyeza kuti moyo wake ndi wotumikira nthambi yaikulu. Iye ankakhulupirira kuti munthu aliyense njira yake idalembedwa pobadwa. Naruto, mbuli ya m'kalasi, adamugwetsa pamaso pa anthu onse, ndipo tonse tidamva phunziro lake.

Tifike kumapeto. Mtsogoleri uja adatsekera chilombo m'mimba mwa khanda, Minato Namikaze, Hokage wachinayi, ndi bambo ake enieni a Naruto. Mayi ake, Kushina, ndi a mtundu wa Uzumaki, wodziwika ndi mphamvu zachibadwa. Mphunzitsi wake Jiraiya adaloseredwa kuti adzaphunzitsa mwana wodzasintha dziko. Ndipo pamwamba pa zonsezi, Naruto ndi Sasuke akuti ndi mizimu yobadwanso ya Asura ndi Indra, ana a Hagoromo, mwana wa Kaguya. Nanga Neji? Adafa pankhondo potchinjiriza Naruto ndi Hinata, mwana wa nthambi yaikulu ija. Akuti adasankha yekha. Chabwino. Koma chizindikiro cha pamphumi chidanena zomwezo.

Kuno kwathu ufumu ndi wa m'magazi, umatsata kuchikazi, ndipo palibe amadabwa. Nkhani ikadanena choncho kuyambira pachiyambi sitikadadandaula. Vuto ndi kutiitanira ku nsima ya wolimbikira n'kutipatsa ya mwana wa mfumu. Oikira kumbuyo Kishimoto amati Asura adali mwana wopanda luso amene adakwera chifukwa cha khama ndi anzake, choncho phunziro silidasinthe. Ndikuwamva. Amatchulanso Might Guy, mphunzitsi wopanda magazi apamwamba, amene ndi thukuta lake lokha adangotsala pang'ono kupha Madara. Zoona, ndipo ndewu imeneyo ndi imodzi mwa zokoma kwambiri m'katuni yonse. Koma onani malipiro ake. Guy adatsirizira pa njinga ya olumala, ndipo amene adamupulumutsa ku imfa ndi Naruto, ndi mphamvu imene adangopatsidwa kumene ndi mzimu wa kholo lake.

(Nyimbo yaifupi.)

Pali ngongole yachitatu, imene ana ambiri saiona, koma ndiyo yaikulu kwa ine.

Pakati pa nkhaniyi pali mdani wotchedwa Nagato, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Pain. Kwawo ndi kadziko kakang'ono ka mvula yosatha, kokhala pakati pa mayiko akuluakulu, kamene kankasanduka bwalo la nkhondo akuluakuluwo akayambana. Makolo ake adaphedwa m'nyumba mwawo ndi ankhondo a ku Konoha komwe, kwawo kwa Naruto. Atakula adafafaniza mudziwo, n'kumufunsa Naruto kuti ngati kubwezera kwa wina ndi chilungamo, kwa mnzake kuli chiyani, ndipo unyolo wa chidani ungaduke bwanji. Naruto adavomera kuti yankho alibe, koma adzalifunafuna. Imeneyo ndi ngongole yolembedwa pamaso pa mboni.

Funso limeneli si lachilendo m'boma la Dowa. Pa Dzaleka, pamalo pamene padali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu Banda, pakhala msasa wa othawa kwawo kuyambira 1994. Lero pali anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda. Timagula nawo malonda, ana athu amasewera nawo mpira. Ambiri mwa iwo amadziwa, kuposa ine, tanthauzo la kubadwira pamalo pamene amphamvu amadzamenyeranapo. Ndikamaonera mathero a Naruto ndimadzifunsa kuti mnyamata wa pa Dzaleka angapezemo yankho lanji.

Yankho limene lilimo ndi lakuti midzi isanu ikuluikulu ya ninja idagwirizana chifukwa idapeza mdani mmodzi. Za kadziko ka mvula kaja sizimvekanso. Gulu la mgwirizano lidali ndi ankhondo 80,000, ndipo theka lidatha tsiku loyamba lokha, koma mwa 40,000 amenewo maina amene tikuwadziwa sangadzaze dzanja. Maliro ake ndi a mphindi zochepa. Kwathu kuno, kumene mudzi wonse umasiya khasu chifukwa cha maliro a munthu mmodzi, zimenezi zimaoneka zopepuka.

Ndiye pali za olakwa. Zidadziwika kuti Itachi adapha mtundu wake atatumidwa ndi akuluakulu a mudzi, makamaka Danzo. Danzo adaphedwa ndi Sasuke, koma nduna ziwiri zokalamba zimene zinkadziwa za chiwembucho sizidakhalepo pabwalo. Orochimaru, amene adapha Hokage wachitatu n'kumayesera mankhwala ake pa ana, m'magawo omaliza akuoneka akuyendayenda m'mudzi, wasanduka woseketsa anthu, kumbuyo kwake kuli mlonda mmodzi. Kukhululuka timakudziwa, ndipo bwalo lathu cholinga chake n'kuyanjanitsa osati kungolanga. Koma pabwalo wolakwa amayamba wavomera pagulu, n'kupereka mbuzi kapena nkhuku, kenako ndi pamene amagwirana chanza. Akuluakulu adati mlandu suola. Wa ku Konoha adangouvundikira.

Za atsikana ndingodutsapo, chifukwa wolembayo nayenso adangodutsapo. Sakura, mnzawo wa Naruto ndi Sasuke, amene adaphunzira udokotala mpaka kufanana ndi mphunzitsi wake, akutsirizira kudikira Sasuke, mwamuna amene adafunapo kumupha. Chikondi cha Naruto ndi Hinata adachikankhira m'filimu yapadera, The Last, ya mu Disembala 2014. Wongoonera katuni yekha amangodzidzimuka ukwati wafika.

Mwina mukuti, nanga abambo inu, nyengo yonse ya fodya mudaitayiranji? Dikirani. Buku la banki mkhonde lili ndi tsamba linanso.

Kaguya atagonja, aliyense akupuma, Sasuke adatembenuka. Adati apha atsogoleri a midzi isanu, iye yekha akhale mdani wa dziko lonse kwamuyaya, kuti anthu azigwirizana pomuda iyeyo. Taonani, imeneyi ndi mfundo yomwe ija ya mdani mmodzi, tsopano ili m'kamwa mwa munthu amene tamudziwa kuyambira ali mwana, ndipo yaonekera kuipa kwake. Ndipo kuti zimenezi zitheke ayenera kupha Naruto, chifukwa ndiye bwenzi lokhalo limene latsala. Awiriwa adabwerera kuchigwa cha mathithi chija, pansi pa ziboliboli ziwiri, pamene adasiyanirana ali ana.

Magawo 476 ndi 477 ndi amene ndingaonetse munthu wosakhulupirira kuti katuni ingakhale luso. Ndewu ikuyamba ndi mphamvu zogwetsa mapiri, monga mwa nthawi zonse. Kenako mphamvu zikutha. Dzuwa likupendeka, ndipo otsala ndi anyamata awiri otopa, akudzandira m'madzi, nkhonya zosalimba, wina kugwa, kudzuka, kugwirana malaya. Aliyense amene adaletsapo ndewu ya abale awiri kudambo amaidziwa nthawi imeneyi, pamene mkwiyo watha koma palibe wofuna kuyamba kuleka. Opanga katuni, amene ndawadzudzula posachedwapa, apa adadziwa kutseka pakamwa. Mawu ndi ochepa, zithunzi zikulankhula zokha.

Atatsitsimuka ali chigonere moyandikana, osatha kudzuka. Naruto dzanja lamanja palibe, Sasuke lamanzere palibe, magazi awo akumana pakati. Manja a ziboliboli zija, atathyoka n'kugwa, agundana zala monga ana a sukulu ya ninja amachitira posonyeza kuti ndewu yatha. Sasuke akuvomera kuti wagonja, ndipo wagonja chifukwa mnzake wakana kumusiya, osati chifukwa wamuposa nkhonya. Apa palibe mlendo, palibe mzimu wa kumwezi, ndipo mtengo wake ukuoneka ndi maso. Pambuyo pake Naruto akumubwezera chitsulo cha pamphumi chokandika, chizindikiro cha ninja, chimene Sasuke adasiya pachigwa pomwepo zaka zapitazo. Ophunzira, chimenecho ndicho kubweza ngongole: kanthu kamene mudakasiya pansi m'mutu woyamba, kakatoleni m'mutu womaliza.

Pali kenanso kakang'ono. Nkhondo idatha m'bandakucha wa pa 10 Okutobala, tsiku lobadwa la Naruto, lomwenso ndi tsiku limene makolo ake adafa. Bambo ake, amene adadzutsidwa kwa akufa kwa kanthawi kuti amenye nawo nkhondo, akumufunira zabwino za tsikulo asanazimirire, ndipo mwanayo akuwatuma uthenga kwa mayi ake: akudya bwino, akusamba, ali ndi anzake. Zinthu wamba zimene mayi aliyense amafunsa mwana wa kogonera konko. Pamenepo ndidanamizira utsi wa m'khitchini.

(Nyimbo yofatsa, ipitirire chapansipansi.)

Tifike ku gawo la 500, lomaliza. Mwana wa mlongo wanga dandaulo lake lina lidali pano. Adati, "Atsibweni, munthu wakhala akukuwa za u-Hokage magawo 720, ndiye katuni ithe osamuonetsa akulongedwa ufumu?" N'zoona. M'buku, mutu wa 700 ukumuonetsa ali Hokage wachisanu ndi chiwiri, atalowa m'malo mwa mphunzitsi wake Kakashi. Koma katuni ya Shippuden ikuthera pa tsiku la ukwati wake, ndipo ngakhale mwambo wa ukwatiwo sitiuona wonse.

Apa ine ndi mnyamatayo tidasiyana maganizo, ndipo mpaka lero sitinagwirizane.

Bwererani ku gawo loyamba penipeni, la mu 2002. Muli mphunzitsi wamba wa sukulu ya ana, Iruka. Si wamphamvu, ndipo pa nkhondo zikuluzikulu zonse zija sawerengedwa. Makolo ake adaphedwa ndi nkhandwe yomwe ija ili m'mimba mwa Naruto, choncho ngati padali munthu woyenera kumuda mwanayo, ndi iyeyu. Koma ndi amene ankamugulira chakudya pa kalesitilanti ka m'mudzi, ndi amene adatchinga ndi msana wake chida chimene chidaponyedwa kwa mwanayo, ndipo ndi amene adavula chitsulo cha pamphumi pake n'kumuveka. Ndiye munthu woyamba kumuwerengera.

Zaka zapita, Naruto wapulumutsa dziko, atsogoleri a mayiko akubwera ku ukwati wake. Iye akupita kwa mphunzitsi wake wakale uja, mwamanyazi, kukamupempha chinthu chimodzi: kuti pa ukwatipo adzakhale ngati bambo ake.

Sindikudziwa mmene a ku America adamvera pamenepa, koma ife a ku Dowa ndi Ntchisi sitifunika womasulira. Kuno ukwati suyamba ndi keke, umayamba ndi ankhoswe. Mnyamata akapeza mbeta amapita kwa atsibweni ake, iwo n'kukagogoda kwa eni mbumba. Ungakhale ndi galimoto, ungakhale ndi digiri, funso loyamba ndi lakuti, kwanu n'kuti, akukuimira ndani? Mwana wamasiye amene adakulira m'makomo mwa eni, funso limeneli limamuyembekeza moyo wake wonse. U-Hokage udali njira chabe imene mwana wa zaka 12 adaiganiza yopezera chinthu chimene sankatha kuchitchula. Chimene ankafuna ndi munthu womuimira. Opanga katuni, atasochera zaka zonse zija m'nkhani zodzazira, pagawo lomaliza adakumbukira ngongole yoyambirira, ndipo adakabweza kwa mwini wake, mphunzitsi wa pulayimale.

Ndidamufotokozera zonsezi mnyamata uja tili pakhonde, tikusenda chimanga chokazinga. Adamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti iye akadakondabe kuona chisoti cha ufumu, ndipo za mzimayi wa kumwezi sadzakhululuka. Ndidati pa za mzimayiyo tili limodzi.

Adakhala chete kanthawi, kenako adati, "Ndiye inuyo atsibweni, tsiku langalo mudzandiimira?"

Ndidati, "Uyambe wakhoza Fomu 4."

Nthawi yatithera, omvera. Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzamva zisudzo ziwiri zolembedwa ndi ophunzira, ndipo tidzatsegula buku la ngongole zawo. Amene mudapita kukatsekera mbuzi, bwererani, taleka kuulula. Mugone bwino.

(Nyimbo yotsekera.)